Makhadi a aneni a Chipolishi: mmene ndikuwaonera patapita miyezi

Nditangoyamba kugwiritsa ntchito makhadi a pafoni ophunzitsa aneni a Chipolishi, ndinawayamikira chifukwa amadula mneni aliyense m'maphatikizo, komanso umamva munthu akumutchula. Papita miyezi tsopano ndipo ndimawatsegulabe ndili m'tramu (sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda) popita kuntchito kuno ku Wrocław, mzinda wa ku Poland.

Kudulako kumathandizadi. Tengani przyzwyczailibyśmy się, kutanthauza kuti tikanazolowera. Ukangoliona lonse, lilime limachita kuuma. Khadi limakuonetsa przy-zwy-cza-i-li-by-śmy, maphatikizo 7, ndipo umayenda nalo limodzilimodzi. Apa mpamene ndinagwira zoti rz, cz ndi sz salekanitsidwa, ndi liwu limodzi ngati ch wathu, komanso kuti i wa mu chcia-ła-bym si phatikizo palokha, amangofewetsa c.

Koma chimene makhadiwa andipindulira kwenikweni ndi katsindikidwe. Chipolishi chimatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene ifenso timakokera mawu tikamamaliza chiganizo m'Chichewa, choncho pakamwa sipavuta kuzolowera. Aneni aataliwa ndiye saliyendera lamuloli. Pa "tinachita" amati ro-BI-li-śmy, lachitatu kuchokera kumapeto. Pa "tikanachita" amati ro-BI-li-by-śmy, lachinayi. Chifukwa chake n'chakuti by ndi śmy kale anali timawu toima patokha, ndipo mpaka lero timatha kusuntha: myśmy robili (ife tinachita), gdybyśmy robili (tikanakhala kuti tinachita). Ukatichotsa, patsala ro-BI-li, ndipo lamulo lija labwerera m'malo mwake. Makhadi amalemba phatikizo lotsindikidwalo ndi zilembo zazikulu, ndipo kuliona tsiku ndi tsiku kwandikhazika bwino kuposa kuloweza lamulo.

Pali ziwiri zimene sanandipatse. Anzanga akuntchito ambiri amati robi-LI-śmy, ndipo palibe amene amadabwa. Makhadi amangophunzitsa katchulidwe ka kusukulu ndi pa wailesi, osakuuza kuti mumsewu ukamva zina. Kwa amene akukonzekera mayeso a boma a Chipolishi a mulingo wapakati, wotchedwa B1, zimenezi n'zabwino, koma chenjezo limafunika ndithu.

Chachiwiri chimatikhudza ife eni. Phatikizo lathu limathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye tikakumana ndi wstrzy-ma-li-by-ście timathiramo timawu tathu, phatikizo loyamba lija, wstrzy, n'kumveka ngati "fusitishi". Mapeto ake maphatikizo 5 asanduka 8 ndipo womvera wasokonekera. Khadi silikumva, silingakudzudzule. Silikuuzanso kuti w ameneyu amamveka f, ndipo rz akatsatana ndi t kapena p amamveka sz. Zimenezi ndinaziwongola podzijambula mawu pafoni n'kupempha mnzanga wa ku Poland kuti andimvetsere pa nthawi yopuma.

Kwa amene mukuyamba kumene, atengeni makhadi otere, makamaka okhala ndi mawu a munthu weniweni osati a kompyuta. Ingopezaninso mwini chilankhulo woti azikumverani, ngakhale kamodzi pa mlungu.