Botolo, nimu kapena msuzi wa usipa: mbozi zife koma mileme itsale

Anzanga akudimba akhala akundifunsa chomwe ndinasiyira kupopera chimanga ndi mankhwala ogula. Ndiyankhe pano kamodzi, poti chiyambireni mbozi za fall armyworm kutivuta mu 2017, njira zonsezi ndaziyesa m'dimba langa kufupi ndi nyanja ya Malombe.

Ndiyamba ndi botolo, chifukwa ndi lomwe linandiwawitsa mtima. Tsiku la msika ndinagula mankhwala kwa mnyamata wina amene amathira m'timabotolo topanda dzina, topanda muyeso. Anangoti, "Bambo, awa ndi amphamvu, mawa simupeza mbozi." Pamenepo sananame. Ndinapopera dzuwa likulowa, mpope ndinatsukira pachithaphwi cha m'mbali mwa dimba, m'mawa mbozi zili lambalamba. Patapita masiku awiri mdzukulu wanga anandiitana kuti, "Agogo, bwerani muone." Pansi pa mlambe panali timileme titatu takufa. Kachinayi kanali kakunjenjemera, mapiko ali tambasu, kamwana katakakamira pachifuwa. Pofika masana mayi ndi mwana yemwe anali atafa.

Mileme yaing'onoyi chakudya chake ndi tizilombo touluka usiku, kuphatikizapo agulugufe ausiku amene amaikira mazira pachimanga n'kuswa mbozi zomwe tikulimbana nazozi. Ndiye ukapopera madzulo, nthawi yomwe mileme ikutuluka, imadya tizilombo todzola poizoni, komanso imamwa madzi ikuuluka pazithaphwi ngati chomwe ndinatsukirapo mpope. Mankhwala a mtundu wa chlorpyrifos ndi dimethoate amasokoneza minyewa, nyama imanjenjemera n'kulephera kuuluka. Akalekale monga DDT amakhazikika m'mafuta a thupi ndipo amadutsa mumkaka kupita kwa mwana. Tsono mileme yambiri imabereka mwana mmodzi yekha pachaka, si ngati mbewa. Ikatha pamalo, siibwerera msanga. Umenewu ndi mtengo umene wogulitsa uja sanatchule: chaka chotsatira madzulo anali zii pamwamba pa dimba, ndipo ndinapopera kambiri kuposa kale.

Mankhwala a kusitolo yovomerezeka, okhala ndi chikalata cha muyeso, ndi abwinoko chifukwa umadziwa chomwe wanyamula, ndipo ovomerezeka amayenera kulembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo. Komabe poizoni ndi poizoni. Ngati mbozi zachita kukupanikizani, poperani m'mawa kutacha, mulunjike mumtima mwa chimanga, ndipo mpope musatsukire pamadzi oima.

Nimu ndiye amene ndakhala naye. Kuno ku Mangochi mtengo umenewu uli pakhomo paliponse, sugula. Ndimasinja masamba ndi njere, n'kuviika usiku wonse, m'mawa ndisefa pansalu, ndiikamo kasopo pang'ono kuti amate pamasamba. Musayembekezere kuona mbozi zitagwa tsiku lomwelo ayi. Nimu amazilanda chilakolako cha kudya ndi kuzilepheretsa kukula, ndipo amagwira bwino zikadali zazing'ono. Amasukuluka msanga ndi dzuwa lathuli, choncho sabata iliyonse umabwereza. Ntchito ndi yambiri, msana umamva, sindibisa.

Chitsamba cha ombwe nachonso chimapha tizilombo, koma ndi yemwe uja amaledzeretsa nsomba, ndiye ife okhala m'mbali mwa Shire ndi Malombe tizimutalikitsa ndi madzi.

Phulusa losakaniza ndi mchenga, kuthira mumtima mwa phesi lililonse, limathandiza pakamunda kakang'ono basi.

Msuzi wa usipa woikamo shuga poyamba ndinaukayikira, koma ukauthira pachimanga umaitana nyerere, ndipo nyererezo zimalowa mumtima mwa chimanga n'kugwira mbozi. Vuto lake n'loti usipa masiku ano ndi ndiwo yodula, ndiye ndimangouchita nthawi imene nsomba zachuluka kudoko.

Ndikaika zonse pambalimbali, botolo limapambana pa liwiro lokha. Nimu wam'mawa, ndi phulusa pomwe mbozi zakanirira, ndi zomwe zandisungira chimanga zaka ziwiri tsopano. Mileme yayambanso kuzungulira pamwamba pa dimba dzuwa likamalowa, ndipo ikuluikulu ija yodya zipatso ndimaimva usiku ikupapasa mapiko pamaluwa oyera a mlambe, amene amadalira iyo kuti abale malambe. Mnyamata wa timabotolo uja ndimamuonabe pamsika. Ndinamufotokozera za kamleme kaja, ndipo sindidzagulanso kwa iye.