Ndemanga ya mapadi a siponji opolishira galimoto patatha miyezi 10

Ntchito yanga ndi yotsuka ndi kupolisha magalimoto mu mzinda wa Blantyre, ndipo mapadi amene ndikuwafotokoza pano ndinawagula kwa wamalonda wina amene amaoda zipangizo za magalimoto ku Johannesburg. Anabwera 12 m'phukusi limodzi: anayi olimba ochotsera zokandika, anayi apakatikati opolishira, ndi anayi ofewa omalizira ntchito, onse a mamilimita 140 m'mimba mwake. Ndawagwiritsa ntchito kuyambira mu Okutobala mpaka mu Julaye, ndipo lero amene ndingayerekeze kuwaika pa galimoto ya kasitomala mtima uli m'malo atsala asanu okha. Ndadikira dala nthawi yonseyi ndisanalembe, chifukwa padi iliyonse imaoneka yabwino ikangotuluka m'pepala, pomwe chimene wogula amafuna kudziwa ndi choti idzatha liti ndiponso idzatha motani. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wolowa pa chipata cha Mwanza anakwera mtengo, choncho padi si chinthu chimene munthu angataye mosawerengera.

Makina anga ndi aja ozungulira kwinaku akugwedezeka, amene ambiri timangowatcha DA. Amagwedezeka mamilimita 15, ali ndi chimbale chomatirapo padi cha mamilimita 125, ndipo liwiro lake limayambira pa 1 kulekeza pa 6. Ndatchula zimenezi chifukwa padi imene ingakhalitse pa makina ang'onoang'ono ogwedezeka mamilimita 8 ikhoza kutha msanga pa makina ngati anga, popeza siponji imakokedwa uku ndi uku maulendo masauzande pa mphindi iliyonse, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa pamalo amodzi, pamene siponjiyo inamatidwa ndi guluu ku nsalu ya velcro ya kumsana kwake.

Ndiyambe ndi kuyamikira. Siponji ya mapadiwa ndi yabwino, makamaka ya apakatikati aja. Ndi yotanuka, timabowo take n'tofanana paliponse, ndipo ukaifinya ndi chala imabwerera m'malo mwake nthawi yomweyo osasiya chizindikiro. Pa utoto wofewa, ngati umene ndimaupeza kawirikawiri pa magalimoto akuda ochokera ku Japan, padi yapakatikati ndi polishi wamba inachotsa timizere tozungulira tija timaoneka ngati ukonde wa kangaude galimoto ikaima padzuwa, ndipo sinasiye chifunga pa utoto. Magalimoto angapo sanafunenso padi yofewa yomalizira. Pa mbali imeneyi ndilibe dandaulo.

Vuto loyamba linadza pa galimoto yachitatu, ndipo linakhudza padi yolimba. Unali masana a mu Okutobala, kunja kukutentha kwambiri ngakhale ndinali pansi pa shedi ya malata, ndipo ndinali nditamaliza boneti ndi zitseko ziwiri ndi padi imodzi yomweyo. Ndikuyamba denga, makina anasintha kulira kwake, dzanja linayamba kumva kunjenjemera kwachilendo, ndipo ndisanafike n'komwe pa batani lozimitsira, siponji inathothoka n'kuuluka mpaka pansi pa galimoto ina. Nsalu ya velcro inatsala pa chimbale. Mwayi wanga unali woti ndinanyamula makina msanga, chifukwa chimbale chikanakhudza denga lija bwenzi tikukamba zokapopetsanso penti. Utoto woonekera wa pamwamba, umene opopera magalimoto amautcha clear, ndi wopyapyala kwambiri, kawirikawiri pafupifupi ma micron 40 mpaka 50 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000) pa galimoto imene sinapentedwenso chichokereni ku fakitale, ndipo m'mphepete mwa chimbale chothamanga mungauboole m'kuphethira kwa diso.

Nditaitola siponji ija ndinapeza kuti nkhope yake, mbali yokhudza utoto, inali isanathe n'komwe. Choonongeka chinali kumsana. Pakati penipeni panali patabonyoka ngati mbale ya ndiwo, malo aakulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta ophikira anali ataumbika gwa, mtundu wake utasanduka wofiirira, ndipo guluu anali wonanda ndi wotentha moti sindinathe kuikapo chala nthawi yaitali. Ambiri timaganiza kuti padi imatha chifukwa chokhuzika pa utoto, monga mmene imathera nsapato kuphazi, koma pa makina a DA kutentha kwakukulu kumabadwira kumbuyo, pakati pa chimbale ndi velcro, ndipo kumaunjikana pakati pomwe mpweya sufika. Siponji ya polyurethane ikatentha imafewa, ikafewa imachepa mphamvu yochotsa zokandika, ndiye munthu amaonjezera kukanikiza ndi liwiro poganiza kuti ntchito iyenda, osadziwa kuti akusonkhezera moto womwewo.

Pa padi yoyambayi ndikuvomera kuti cholakwa chachikulu chinali changa. Makina anali pa 6, ndinkakanikiza kwambiri, ndipo kompaundi, polishi wokhakhala wochotsera zokandika, ndinkaika wochuluka moti siponji inali itamwa mpaka mkati n'kulemera. Padi yokhuta kompaundi imasunga kutentha, ndipo kulemera kwake kumakoka guluu nthawi iliyonse imene makina agwedezeka. Choncho ndinasintha kagwiridwe ka ntchito kuti ndione ngati mapadi olimba atatu otsalawo angachite bwino. Liwiro ndinalitsitsira pa 4, kompaundi ndinayamba kuika madontho atatu kapena anayi akulu ngati njere ya chimanga, ndinkapolisha kachigawo kosapitirira theka la mita mbali zonse, ndipo ndikamaliza kachigawo kalikonse ndinkapukuta nkhope ya padi ndi burashi kapena kuiuzira mpweya wa kompuresa. Ndikamaliza chitseko chimodzi ndinkachotsa padi, n'kuika ina, yoyambayo n'kuisiya pa benchi kuti izizire. Pochotsa ndinkalowetsa zala pansi pa velcro, osati kukoka siponji.

Ngakhale ndinasamala chotero, padi yolimba yachiwiri inayamba kumatuka m'mphepete itagwira magalimoto asanu, ndipo yachitatu inatsatira pasanathe mwezi. Ulendo uno pakati panalibe kubonyoka kulikonse kapena chizindikiro cha kupsa. Velcro inangoyamba kusendeka yokha ngati khungu la mbatata yophika, ndipo nditaisenda yonse ndinaona kuti guluu anapakidwa mwa apo ndi apo: pakati anali wokwanira, koma kuzungulira m'mphepete munali malo otakata ngati chala amene guluu sanafikemo konse. Yachinayi ndinaiyang'ana isanaonongeke, ndipo nditakanikiza m'mphepete ndi chikhadabo inatseguka mosavuta. Apa ndiye pamene ndikunena mosazengereza kuti vutoli ndi la kapangidwe. Chodabwitsa n'choti mapadi apakatikati ndi ofewa, ochokera m'phukusi lomwelo, guluu wake anagwira bwino mpaka lero. Maganizo anga ndi oti siponji yolimba sipindika mokwanira kuti imeze kugwedezeka kwa makina, ndiye mphamvu yonse imathera pa guluu, ndipo guluu wopakidwa mwachinyengo sangapirire.

Ndinayesa kumata imodzi ndi guluu wa nsapato, monga aliyense wosafuna kutaya ndalama angachitire. Inagwira kwa boneti imodzi yokha, kenako inayamba kupendama, chifukwa sindinathe kuibwezera pakati penipeni, ndipo padi yopendama imagwedeza makina mpaka dzanja kuchita dzanzi. Sindikulangiza munthu kuyesa zimenezi pa galimoto ya eni ake.

Chinthu china chimene chinandikhumudwitsa pa mapadi olimbawa n'choti alibe bowo pakati. Mapadi ambiri opangidwira makina ogwedezeka kwambiri amakhala ndi bowo limeneli, lomwe limachotsa siponji pamalo pomwe kutentha kumaunjikana ndipo limathandizanso kuika padi pakati pa chimbale molondola. Awa ndi okhuthala pafupifupi mamilimita 30 ndiponso otsekeka pakati, maonekedwe amene amayenerana bwino ndi makina ongozungulira aja a rotary kusiyana ndi DA, ngakhale pa phukusi panalembedwa kuti ndi a makina a mitundu yonse iwiri.

Mapadi atatu ena amene anatha sindingawaloze chala opanga. Yapakatikati imodzi inang'ambika m'mphepete pamene inakola chilembo cha chitsulo cha dzina la galimoto pa chitseko cha kumbuyo. Kachidutswa kakang'ono kananyotsoka, ndipo kuyambira pamenepo inkangonyenyeka pang'onopang'ono, n'kumasiya tinyenyeswa pa utoto. Tsopano zilembo, zogwirira zitseko ndi m'mphepete mwa mapulasitiki ndimazimata ndi tepi ndisanayambe. Yofewa imodzi anaipha ndi mnyamata amene amandithandiza, yemwe poona kuti polishi wauma ndipo sakuchoka ndi madzi, anainyika mu thina. Pofika m'mawa siponji inali itafufuma n'kupindika ngati chitumbuwa, ndipo velcro inachoka yokha. Sindinamukalipire kwambiri chifukwa sindinamuuzepo kuti thina ndi petulo zimasungunula guluu.

Yofewa yachiwiri inandiphunzitsa za chinyezi. Ndimachapa mapadi madzulo aliwonse m'ndowa ya madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, kufinya ndi manja mosapotokola, kutsukuluza mpaka madzi atayera, kenako kuwayanika pa waya nkhope itayang'ana pansi kuti madzi asatsikire ku guluu. M'nyengo yotentha amauma usiku umodzi. Koma mu Juni, chiperoni chitagwira mzinda masiku atatu otsatizana, padi ina inauma kunja kokha mkati muli madzi, ndipo ine pofulumira ndinaiika pa makina. Sipanathe mphindi zambiri polishi anayamba kumwazika pa galasi ndi pa malaya anga, padi inatentha msanga kuposa masiku onse, ndipo nditaichotsa pakati panali patalowa ndipo sipanabwererenso. Kuyambira tsiku limenelo ndimaifinya padi pa thaulo louma ndisanaigwiritse ntchito, ndipo thaulolo likanyowa ngakhale pang'ono, padiyo imabwerera pa waya.

Ndionjezere mawu pang'ono okhudza mitundu, popeza ambiri amasokonezeka nayo. M'phukusi limeneli olimba ndi achikasu, apakatikati ndi oyera, ofewa ndi akuda, koma palibe lamulo limene limamanga makampani onse pa nkhani imeneyi. Kampani ina padi yachikasu ndi yomalizira, ina ndi yochotsera zokandika zakuya. Wogula asadalire mtundu, koma awerenge zolembedwa ndipo aifinye padiyo ndi chala. Awa zolemba zake zinali pa phukusi pokha, pa mapadi penipenipo panalibe chilichonse, ndiye ndinachita kulemba ndekha kumsana kwake ndi cholembera chosafufutika.

Nditatumiza zithunzi za mapadi omatukawo kwa wogulitsa pa WhatsApp, anandiyankha mwaulemu koma mosathandiza. Anati, "Achimwene, mapadi ndi zinthu zotha ngati sopo, sitingabweze." Ndikugwirizana nawo kuti padi sikhala mpaka kalekale, ndipo ikafota, ikauma kapena ikasiya kubwerera ukaifinya, nthawi yake yakwana ndipo palibe wolakwa. Koma kutha ndi kumatuka n'zosiyana. Padi imene nkhope yake idakali yatsopano koma msana wachoka sinathe, inapangidwa moperewera. Nditalimbikira anandilonjeza kuti adzandichotserako mtengo pa oda yotsatira, ndipo anavomera kuti makasitomala ena awiri anadandaulanso za achikasu omwewo.

Kwa munthu amene ali ndi galimoto imodzi kapena ziwiri, amene amapolisha kamodzi kapena kawiri pa chaka ndi makina ang'onoang'ono, phukusi limeneli lingamukwanire, malinga asagwiritse ntchito padi imodzi pa galimoto yonse. Kwa ife amene makina amalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, oyera ndi akuda ndi oyenera ndalama yake, ndipo pa nyenyezi zisanu ndingawapatse zinayi. Achikasu ndikuwapatsa imodzi, chifukwa cha siponji yokha. Vuto n'loti wogulitsayu sagulitsa mtundu umodzi pawokha, choncho amene akufuna oyera ayenera kulipiriranso achikasu amene sadzawagwiritsa ntchito nthawi yaitali, ndipo ukawerengera motero kutsika mtengo kwa phukusili kumachepa kwambiri.

Pa ntchito yochotsa zokandika zakuya ndasamukira ku mapadi a microfibre ndi ena a siponji opyapyala okhala ndi bowo pakati, amene ndinagula kwina. Oyera atatu ndi akuda awiri otsala aja akugwirabe ntchito sabata iliyonse. Imodzi mwa oyerawo yayamba kufewa ndipo tsopano ndimaigwiritsa ntchito popaka wakisi basi, pomwe siponji za achikasu zija ndinazidula tizidutswa timene mnyamata wanga amapakira polishi wa matayala.