Wotchi ya sola ya pabwalo la tchalitchi chathu ku Dedza

Wotchi yaikulu yoyendera mphamvu ya dzuwa imene amisiri ena a ku Lilongwe anaimika pachipilala pabwalo la tchalitchi chathu yautsa mtsutso pakati pa akhristu, ndipo ine ndili kumbali ya amene akuiyamikira, ngakhale kuti si pa zonse.

Manambala ake ndi akuda komanso akuluakulu, moti amayi opita kumsika atasenza mbatata ya kachewere amatha kuona nthawi ali kutsidya kwa msewu. Nyengo ya dzuwa imagwirizana ndendende ndi nthawi imene amalengeza pa wailesi ya MBC.

Vuto lagona pa batire. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu imaphimba phiri mpaka dzuwa litakwera ndithu, choncho sola siitapa moto wokwanira, batire laling'ono limene anaikamo limafooka, wotchi n'kumaima. Amisiriwo anayenera kuganizira zimenezi asanatchule mtengo. Tikawaimbira foni amabwera, koma mochedwa.

Amene akuti ndalamazo zikanakonzera mjigo ali ndi mfundo yomveka, ndipo sindingawatsutse. Mpingo wina ukafuna wotchi yotereyi, uumirire batire lalikulu ndiponso mgwirizano wolemba wonena za kukonza ikawonongeka.