Ndege zotchipa kapena sitima ndi basi: awiri oyenda miyezi ingapo kum'mwera chakum'mawa kwa Asia asankhe chiyani?

Anthu awiri akamakonza ulendo wa miyezi itatu kapena isanu wozungulira Thailand, Laos, Vietnam, Cambodia ndi Malaysia, zikwama kumsana, ndalama zowerengeka, funso lawo limakhala limodzimodzi: tizikwera ndege zotchipa kapena tiziyenda pansi? Ambiri amafunsa ataona kale kamtengo kakang'ono pa tsamba la AirAsia kapena VietJet, mtima utapita kale kumeneko. Yankho langa n'lakuti m'mayiko olumikizana pamtundawa, sitima ndi basi zitenge gawo lalikulu la ulendo, ndege muisungire pamene pali nyanja. Chimene chimandifikitsa pa yankho limeneli ndi katundu.

Mtengo umene mumaona poyamba ndi wa munthu ndi kachikwama ka m'manja basi. Pa AirAsia ndi VietJet amalola makilogalamu 7, ndipo 7 ameneyo ndi wa zonse pamodzi, chikwama chachikulu ndi kachikwama kosungira pasipoti ndi foni. AirAsia imatchulanso kukula kwake: masentimita 56 m'litali, 36 m'lifupi, 23 kuchindikala. Scoot ya ku Singapore imalola makilogalamu 10, koma ndege zake zimadzera ku Singapore, ndiye sikuthandizani pa timaulendo ta m'kati mwa Thailand kapena Vietnam. Tsopano tengani chikwama cha malita 40, chimene ambiri amagula pa ulendo wotere. Chisanalowe kanthu chimalemera kale kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka chifukwa cha zitsulo zakumsana ndi lamba wa m'chiuno. Ikanimo laputopu, machaja, power bank, nsapato zina, mankhwala, jekete la mvula ndi zovala za sabata imodzi. Mwafika 9 kapena 10 musanaike n'komwe sopo. Amene anagula chikwama cha malita 60 asadzivute n'kupima, chimenecho sichiloledwa m'manja.

Ndiye mukakamizika kulipirira katundu wa pansi pa ndege, ndipo apa ndi pamene awiri amapwetekera. Ndalama ya katundu imalipidwa pa ulendo uliwonse. Mukakwera ndege kakhumi, aliyense ndi chikwama chake, mwalipira katundu ka 20. Pa maulendo afupi ngati Bangkok kupita ku Chiang Mai kapena Hanoi kupita ku Da Nang, chikwama cha makilogalamu 20 chimatha kudya ndalama yofika theka la tikiti yotsitsidwa mtengo ija, nthawi zina kuposa pamenepo. Tikiti imene munaiona ngati mwayi yasanduka yofanana ndi ya kampani ya ndege wamba imene ikanakunyamulirani katunduyo popanda kuwonjezera kanthu.

Choipitsitsa n'chakuti mtengo wa katundu uli ndi masitepe. Ndi wotsika mukaugula limodzi ndi tikiti, umakwera mukawonjezera pambuyo pake, umakweranso pa kauntala ya pabwalo la ndege, ndipo pa chipata chokwerera ndege umafika poti munthu amangogwira pakamwa. Pachipatapo mulibe poti n'kuthawira: ndege ikunyamuka pa mphindi 30, wantchito waika chikwama chanu pa sikelo, chapitirira ndi makilogalamu awiri, mulipire kapena mutaye zinthu. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti sapima tsiku lililonse. Mumadutsa katatu ndi makilogalamu 9 popanda wokufunsani, mumayamba kuganiza kuti lamulolo ndi la papepala chabe, kachinayi n'kukupezani nonse awiri tsiku limodzi. Ndalama imene mungalipire pamenepo ndi ya chipinda cha masiku angapo ku Luang Prabang, mzinda wa ku Laos. Kwa ine, mtengo umene umabisa chinthu chimene pafupifupi woyenda miyezi aliyense amanyamula ndi nyambo, ndipo sindiukhulupirira ndisanafike pa tsamba lomaliza lolipirira.

Njira yochepetsera ululu ilipo. Gulani matikiti onse awiri pa nambala imodzi, mulipirire chikwama chimodzi chokha cha makilogalamu 20 pa nthawi yomwe mukugula tikitiyo, zolemera za nonse muziike mmenemo, chikwama chinacho chitsale pansi pa 7. Kasikelo ka m'manja kokhala ndi mbedza kamalemera pang'ono kwambiri ndipo kamathetsa mkangano musanachoke kogona. Power bank ndi mabatire ena akhale m'chikwama cha m'manja, saloledwa pansi pa ndege. Mpeni, sizasi ndi botolo lililonse loposa mamililita 100 zipite pansi. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi odula m'mayiko amenewa, ndipo botolo lalikulu lotere ndi limene ambiri amalisiya m'bini pamalo ofufuzira katundu.

Msampha wina ndi wa matikiti awiri osiyana. Masamba ena oyerekezera mitengo amakusonyezani ulendo wotchipa wodzera ku Kuala Lumpur kapena Bangkok, koma ali matikiti awiri oima paokha. Zikatero mumalipira katundu kawiri, mukatsika mumakatenga chikwama, kudutsa kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko, n'kukachilembetsanso. Ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri yapita ndi ndalama zanu. Komanso ku Bangkok kuli mabwalo awiri, Don Mueang ndi Suvarnabhumi, otalikirana ulendo woposa ola limodzi magalimoto akachuluka. Onani zilembo DMK (Don Mueang) ndi BKK (Suvarnabhumi) pa tikiti musanalipire.

Za liwiro, ndege yapambana, palibe wotsutsa. Kungoti ulendo wa ola limodzi ndi mphindi 15 mumlengalenga umadya theka la tsiku mukaphatikiza kupita kubwalo, kudikira maola awiri ndi kulowa mumzinda winawo. Bwalo la KLIA lili pa mtunda woposa makilomita 50 kuchokera pakati pa Kuala Lumpur. Ndege zotchipitsitsa zimanyamuka m'mamawa kwambiri, nthawi imene mungafunike takisi.

Tsopano sitima. Palibe amene amapima chikwama pa sitima za ku Thailand kapena Vietnam. Sitima yausiku nambala 9 imanyamuka pa siteshoni ya Krung Thep Aphiwat ku Bangkok cha m'ma 6:40 madzulo n'kufika ku Chiang Mai cha m'ma 7 m'mawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 750. Bedi la kalasi yachiwiri, m'bogi yokhala ndi makina oziziritsa mpweya, ndi cha m'ma baht 1,000 (baht ndi ndalama ya ku Thailand). Mu ndalama imeneyo muli ulendo, katundu yense ndi kogona kwa usiku umodzi, choncho poyerekeza ndi ndege muchotseretu mtengo wa chipinda chimene simunalipire. Kwa awiri, gulani bedi lapansi ndi lapamwamba pa malo amodzi. Madzulo imakhala mipando iwiri yoyang'anizana, kenako wantchito amabwera kudzaisandutsa mabedi ndi kuyala nsalu zoyera. Lapansi ndi lotakata, lili ndi zenera, ndipo limadula pang'ono. Lapamwamba ndi lopapatiza, nyali siizima usiku wonse ndipo mphepo yozizira imaombera kumeneko, ndiye wogona pamwamba akhale ndi juzi ndi kansalu kophimba m'maso. Mabedi apansi amatha msanga, makamaka kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, choncho gulani patatsala masabata.

Ku Vietnam njanji yochokera ku Hanoi kukafika ku Ho Chi Minh City ndi makilomita 1,726, ulendo woposa maola 30. Musaiyende yonse kamodzi. Idulenidulni: Ninh Binh, Dong Hoi ngati mukufuna mapanga a ku Phong Nha, Hue, Da Nang, Nha Trang. Sankhani chipinda cha mabedi anayi ofewa, cha mabedi asanu ndi limodzi n'chothina moti wa pamwamba penipeni satha kukhala tsonga. Chigawo cha Hue kupita ku Da Nang muchiyende masana, sitima ikamazungulira phiri la Hai Van nyanja ili pansi. Ndi maola pafupifupi atatu okha.

Laos inasintha kuyambira Disembala 2021 pamene njanji yolumikiza Vientiane ndi China inatsegulidwa. Vientiane kupita ku Luang Prabang, ulendo umene unkatha tsiku lathunthu pa basi m'misewu yokhotakhota, tsopano ndi maola awiri. Koma sitima imeneyi ili ndi khalidwe la ndege: katundu amadutsa pa makina, mipeni ndi zitini zopopera amalanda, matikiti amagulitsidwa patatsala masiku ochepa ndipo amatha, masiteshoni ali kunja kwa tauni moti muwerengere ndalama ya minibasi. Amene akulowa Laos kuchokera kumpoto kwa Thailand ali ndi boti loyenda pang'onopang'ono pa mtsinje wa Mekong, kuchokera ku Huay Xai kukafika ku Luang Prabang masiku awiri, kugona ku Pakbeng. Fikani msanga kuti musakhale kumbuyo, kufupi ndi injini, chifukwa phokoso lake la maola ambiri limadwalitsa mutu.

Basi ndiye yotchipa kuposa zonse, ndipo sindikubisirani zoipa zake. M'mabasi ogonamo a ku Vietnam mumavula nsapato pakhomo n'kuziika m'jumbo, mabedi ake ndi aafupi moti munthu wamtali amagona atapinda maondo usiku wonse, ndipo mzere wakumbuyo ndi mabedi ophatikizana pamene mumagona phewa ndi phewa ndi munthu wosamudziwa. Mabasi ena amafika 4 koloko m'mawa n'kukutsitsani kunja kwa mzinda, pamene a takisi akudziwa kuti mulibe kwina kolowera. Ku Thailand, nkhani za kubedwa kwa zinthu m'zikwama zoikidwa pansi pa basi zamveka kwa zaka zambiri pa mabasi otchipa a alendo okhaokha onyamukira m'dera la Khao San ku Bangkok. Mabasi onyamukira pa madepoti enieni, Mo Chit wa kumpoto, Ekkamai wa kum'mawa ndi Sai Tai Mai wa kum'mwera, ndi amene eni dziko amakwera ndipo ndi odalirika. Kulikonse kumene muli, pasipoti, ndalama, makadi ndi foni zikhale pathupi. Basi yausiku m'mapiri a ku Laos nthawi ya mvula ndikanaipewa, ngakhale itchipe bwanji.

Pa malire ndi pamene kuyenda pansi kumafuna kukonzekera kuposa ndege. Viza yogula pa intaneti siilandiridwa pa boda iliyonse. Laos imailandira pa malo osankhidwa okha, ndipo Vietnam, imene kuyambira Ogasiti 2023 imapereka viza ya pa intaneti ya masiku 90, imafuna kuti mulembe malo olowera, amene ayenera kukhala pa mndandanda wake. Malamulo amasiyana malinga ndi pasipoti, ndiye muone anu musanagule tikiti ya basi yodutsa malire. Nyamulani madola ang'onoang'ono atsopano, osang'ambika kapena kulembedwa, chifukwa akale amawakana, ndipo pa maboda ena a pakati pa Laos ndi Cambodia amapempha dola imodzi kapena awiri a chidindo. Malire amathanso kutsekedwa. Mu 2025 mkangano wa Thailand ndi Cambodia unatseketsa maboda a pamtunda, kuphatikizapo wa Aranyaprathet ndi Poipet umene apaulendo ambiri opita ku makachisi akale a Angkor, ku Cambodia, ankadutsira. Zikatero chotsala ndi ndege kapena kuzungulira kudzera ku Laos.

Ndege nayo ili ndi chake chokhudza mapepala: pa kauntala amakonda kufunsa tikiti yotulukira m'dziko limene mukupitalo, ndipo akhoza kukukanizani kukwera ngati mulibe. Kwa anthu oyenda mopanda tsiku lenileni lotulukira, izi zimawakakamiza kugula tikiti ina asanaganize bwino.

Nyengo imavuta onse mofanana. Pa Tet, chikondwerero cha chaka chatsopano ku Vietnam, kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, ndi pa Songkran, chikondwerero cha chaka chatsopano ku Thailand, pakati pa Epulo, sitima, basi ndi ndege zonse zimadzaza. Madzi osefukira a Okutobala ndi Novembala m'chigawo chapakati cha Vietnam amaimitsa sitima komanso kuchedwetsa ndege.

Pamene ndege ilibe mpikisano ndi pa nyanja zazikulu. Kupita ku Bali, ku Philippines kapena ku Borneo kuchokera ku Kuala Lumpur kapena Bangkok, kwerani ndege. Chimodzimodzi ngati masiku a viza atsala awiri muli kutali ndi malire, kapena mmodzi wa inu wadwala m'mimba ndipo maola 12 pa basi sangawapirire. Zilumba zapafupi za ku Thailand sizifuna ndege: Koh Tao imafikika ndi sitima yausiku mpaka Chumphon kenako boti, Koh Samui ndi Koh Phangan kudzera ku Surat Thani, ndipo kulowa Malaysia ndi kungosintha sitima pa Padang Besar n'kukwera sitima yamagetsi ya ETS mpaka Kuala Lumpur. Pa ulendo wa miyezi inayi, ndege zitatu kapena zinayi zimakwanira, iliyonse ndi chikwama chimodzi cholipiriratu, ndipo ya ku Philippines muigule limodzi ndi tikiti yotulukira chifukwa kumeneko amaifunsa musanakwere.