Pa njinga ku Mangochi: kwa Mponda ndi Malindi, kapena kukwera kwa Jalasi?

Amene akufuna kuona malo a mbiri ya mafumu achiyawo pa njinga ya kapalasa ali ndi njira ziwiri, zonse zoyambira pa Boma pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Posankha yambani mwayang'ana njinga yanu, makamaka mabuleki.

Njira ya kwa Mponda ndi ya chidikha, ndipo pafupi pomwepo pali zoona zambiri. Musanapalase n'komwe muli kale pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomangidwa mu 1903. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene inathira nkhondo sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mukatero loweraniko kumpoto motsata Shire mpaka ku Mpondasi. Dera limeneli ndi la Mfumu Mponda, kumene Livingstone anafika mu 1866, ndipo Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston mu 1891 pofuna kuyang'anira mudzi womwewu, chifukwa malonda a minyanga ndi akapolo ankaolokera pano. Mphamvu zikadalipo, bwererani muoloke mlatho n'kulowera msewu wa ku Makanjira mpaka ku Malindi, pafupifupi makilomita 20, kuli mishoni yakale ya Angilikani ndi chipatala cha St Martin's.

Uku njinga yakuda ya keriyala, ya matayala a saizi 28 ngati ya akabaza, imakwanira. Chovuta ndi mchenga ndi minga. Mukapatuka pa msewu waukulu kulowa pakati pa migwalangwa ndi milambe, tayala lopopa kwambiri limazama, handulo n'kuyamba kukana. Chepetsani mpweya pang'ono, kanikizani ndi chala chachikulu tayala lizingobonyera pang'ono chabe, ndipo pa mchenga musagwire buleki ya kutsogolo. Okonza njinga ali pa msika uliwonse, choncho chubu chikaphulika simuyenda pansi mtunda wautali.

Kwa Jalasi n'kwina. Mukaoloka mlatho mumatenga msewu wa M3 wopita ku Namwera ndi Chiponde, ndipo posakhalitsa chitunda cha ku Chowe chimayamba, chokhotakhota komanso chachitali. Pamwamba, m'nkhalango ya Mangochi, muli mabwinja a Fort Mangochi pa phiri limene Mfumu Jalasi anakhazikapo likulu lake. Anapirikitsa asilikali a atsamunda mu 1892, ndipo iwo anadzamugonjetsa mu 1895. Mukaima pamenepo n'kuona chigwa chonse m'munsimo mumamvetsa chifukwa chake zinawatengera zaka. Kwa ine malo awa ndi amene amaposa onse, koma samalola njinga wamba.

Pamafunika njinga ya magiya, ya mtundu wa mountain bike, ndipo chodetsa nkhawa chachikulu ndi kutsika. Mabuleki a zitsulo a njinga zakuda aja amagwira mofooka pa mtsetse wautali. Ngakhale a waya, mukawafinya osasiya, rimu imatentha, labala ya mabuleki n'kuyamba kuterera, ndipo nthawi zina chigamba chakale cha pa chubu chimamatuka. Finyani onse awiri mwamphamvu, siyani, finyaninso, ndipo muziima kangapo rimu izizire. Labala ikakhala kuti mizere yake yafufutika, sinthani musananyamuke. Chigawo chomaliza chofika pa linga ndi choyenda pansi, motero njinga muisungitse pa mudzi ndipo mupeze munthu wa komweko wokutsogolerani. Nthawi ya dzinja tinjira timaterera ndipo udzu umabisa njira.

Zonyamula sizisiyana kwenikweni: pampu, chubu chapadera, zigamba ndi sulushoni, sipanala ya 15 ya manati a mawilo. Madzi ndiwo amasiyana. Ku Malindi malita 2 akwana chifukwa ogulitsa ali ponseponse, koma kokwera tengani 4. Mu Okutobala ndi Novembala nyamukani 5 koloko m'mawa, pofika 10 dzuwa la ku Mangochi limakhala litakula. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nyengo ndi yabwino, kungoti mwera umawomba kuchokera kumwera, ndiye pobwerera kuchokera ku Malindi mudzalimbana nawo.

Kulikonse kumene mwasankha, pabwalo la mfumu simungofika mukupalasa. Tsikani patali, kokani njinga, funsani nduna kapena nyakwawa, ndipo musajambule nyumba ya mfumu kapena manda osapempha. Ambiri kuno ndi Asilamu, choncho Lachisanu masana simupeza wokulandirani, ndipo kabudula wothina wa okwera njinga avalidwe ndi china pamwamba, amayi atengeko chitenje.

Woyamba kumene, kapena woyenda ndi ana, apite kwa Mponda ndi Malindi, theka la tsiku likwana. Kwa Jalasi kumafuna tsiku lathunthu, magiya osadumpha, mabuleki atsopano ndi anthu osachepera awiri, chifukwa tcheni chikaduka m'nkhalango muja wokonza ali kutali.