Carex montana: wakhazikika pansi pa mtengo, koma amakula mwaulesi (nyenyezi 4 pa 5)

Ndinaitanitsa mbande za Carex montana, chomera chooneka ngati udzu, pa intaneti ku nazale ina ya kuno ku England, za m'timiphika ta masentimita 9. Ndinkafuna chomera choti chiphimbe dothi pansi pa mtengo wa apulo kuseri kwa nyumba, pamene kapinga anakana kalekale. Dothi la ku Luton kuno ndi lachoko. Ukangokumba pang'ono umatulutsa timiyala toyera, ndipo nyengo yotentha limauma gwa.

Katundu anafika msanga, koma m'katonimo mbande zina zinali zitagwera cham'mbali, dothi litakhuthuka, mizu ili pamtunda. Nditatumiza chithunzi anandipatsa zina popanda mkangano. Apo ndiwayamike.

Ndinazengereza kugula chifukwa chomerachi ndi cha banja limodzi ndi gumbwa komanso dawe, ndipo amene analimapo kumudzi akudziwa kuti dawe akalowa m'munda satulukamo. Uyu ndi wosiyana. Sathamanga pansi pa nthaka, amangokhala chiputu pamene wamubzala n'kumakula pang'onopang'ono m'mbali. Msinkhu wake ndi wa masentimita 20 kapena kupitirira pang'ono. Masamba ndi opyapyala, mwina mamilimita 2 m'lifupi, ofewa moti sacheka chala, obiriwira mowala, ndipo m'munsi mwa chiputu muli kufiirira.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri chimachitika kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, dimba lonse likadali mbuu. Timitu takuda timatuluka pakati pa chiputu masamba asanatalike, kenaka timatulutsa tinthu tachikasu tolendewera tokhala ndi mungu. Si maluwa oti munthu angawaone ali pa msewu ayi, mpaka uwerame. Ine ndinabzalamo timaluwa tafupitafupi totchedwa crocus m'mipata mwake, ndiye zikaphukira pamodzi pamaoneka bwino, ndipo crocus akafota masamba a udzuwu amabisa zofotazo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Chithunzi chimene amaika pogulitsa chimaonetsa ziputu zonenepa zitagwirana, dothi losaoneka n'komwe. Zimenezo sizichitika chaka choyamba. Ndinabzala motalikitsa masentimita 25 mpaka 30, ndipo chaka chonse choyamba ndinkazulira udzu wina m'mipata, uku ndikuthirira kukachita ng'amba kuti mizu igwire. Chachiwiri, m'katoni munalibe kapepala kalikonse kofotokoza kuti udzuwu sukhala wobiriwira chaka chonse. Pofika Okutobala masamba amasanduka achikasu, kenaka ofiirira, ndipo nyengo yachisanu amauma. Mayi wina woyandikana nafe anachita kundiuza pampanda kuti, "Pepani, zija munabzala zafa." Munthu wosadziwa akhozadi kuzula n'kutaya, pamene chomera chili moyo bwinobwino, ndipo chisanu cha kuno sichichita nacho kanthu.

Kasamalidwe n'kochepa. Masamba ouma ndimawasiya mpaka Febuluwale, ndiye n'kuwameta ndi sizasi ya m'dimba, kusiya kachitsa kakafupi. Musachedwe nako kumetaku, chifukwa mukafika pakati pa Malichi mudzadulira limodzi timitu tija. Feteleza sindithira, masamba a apulo amene amayoyoka ndiwo manyowa ake. Nkhono zimene zinandimalizira letesi sizimukhudza. Kuyambira chaka chachiwiri sindinathirirenso kupatula nthawi imene kunatentha kwambiri, ndipo ngakhale pamenepo nsonga zokha ndizo zinapsa.

Ndaona kuti ziputu za m'mphepete, zimene zimalandira dzuwa la m'mawa, zanenepa kuposa za pafupi ndi tsinde la mtengo pamene pali mthunzi wandiweyani. Choncho si wa mumdima weniweni. Pamalo podikha madzi sindingamulimbikitsenso, pakuti kwawo ndi m'malo a udzu ndi m'nkhalango zosathithikana za ku Ulaya, makamaka pa miyala ya laimu. Ku Britain kuno amamera yekha m'madera ochepa, monga ku New Forest ndi ku mapiri a Mendip.

Chiputu chikakalamba chimayamba kufa pakati n'kutsala ngati mkombero. Zikatero mumachikumba kumayambiriro kwa nyengo yophukira, kuchigawa ndi mpeni, n'kubzala zidutswazo pena. Amene muli ndi malo aakulu ndipo simukufuna kudikira, gulani mbande zochuluka kuposa mmene mukuganizira, pafupifupi 12 pa sikweya mita imodzi.