Gulu lothandiza agogo pakhomo ku Kawale, mmene ndaonera

Mayi anga aakulu amakhala okha ku Kawale, miyendo inafooka koma zobwerera kumudzi ku Dedza anakanitsitsa. Ine ndili ku Area 25 ntchito imandithera tsiku lonse, ndiye amene akuwasamalira ndi kagulu ka azimayi ndi achinyamata a mpingo wapafupi, ongodzipereka, salipidwa olo 1 tambala.

Amagwira zomwe zimavutadi munthu wokalamba mtauni muno, kutunga madzi pa kiyosiki, kuyatsa mbaula, kuchapa, Loweruka azimayi amabwera kudzawasambitsa ndi kuwawenga zikhadabo. Chandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya mankhwala a BP, pali mtsikana wina amasunga buku lawo lakuchipatala, tsiku lobwerera likafika amakwera nawo minibasi mpaka ku Bwaila nkuima pamzere iyeyo iwo atakhala pa benchi. Komanso kucheza kumene. Mukudziwa kwathu kuno agogo akamakhala okha sipachedwa kumveka zoti ndi mfiti, koma maneba akamaona anthu akulowa ndi kutuluka pakhomopo miseche ija imazilala.

Koma si manesi ayi, agogo akagwa usiku muthamanga nokha. Nthawi yamvula ndi ya mayeso a MSCE amabwera mwa apo ndi apo, ena osaimba nkomwe foni kuti lero sitibwera, izi zokha zimandinyansa. Ufa, makala, sopo ndi ya thiransipoti muzisiya ndinu achibale, iwo awo ndi manja basi. Amene muli ndi okalamba kafunseni ku mpingo kwanu kapena kwa amfumu a m'dera lanulo.